Azakhali, za chiwerengero cha khansa chija

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupa, loti zikutheka bwanji kuti Australia, dziko la zipatala zabwino, likhale pamwamba pa chiwerengero cha khansa pomwe mayiko osauka ali pansi. Kulemba kundichedwetsa, ndiye ndingolankhula, mumvetsere mukapeza mpata.

Nambala mwaiona ija si ya anthu onse odwala khansa ayi. Ndi ya okhawo amene apezeka nayo kwatsopano m'chaka chimodzi. Mayi amene anamupeza nayo chaka chatha, ngakhale akulandirabe chithandizo, chaka chino sawerengedwanso. Ndiye nambalayo saisiya yokha, amaigawa ndi chiwerengero cha anthu a m'dzikomo n'kuchulukitsa ndi 100,000. Tiyerekeze boma lina lili ndi anthu 200,000 ndipo apezeka ndi khansa ndi 300. Ndiye kuti pa anthu 100,000 alionse, odwala atsopano ndi 150. Boma lina la anthu 1,000,000 likapeza odwala 900, mukhoza kuganiza kuti kumeneko zinthu zaipa kwambiri, chonsecho pa 100,000 alionse ndi 90 okha. Mwaona? Komanso khansa ya khomo la chiberekero amaigawa ndi chiwerengero cha amayi okha, osati anthu onse.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa zaka, azakhali, ndipo apa mundimvetse bwino. Khansa zambiri zimabwera munthu akamakula. Ku Japan, mwa anthu anayi alionse, woposa mmodzi ndi wa zaka 65 kupita m'tsogolo. Ku Niger pafupifupi theka la anthu ndi ana osapitirira zaka 15. Mukangogawa mwachisawawa, Japan ioneka ngati kuli mliri, chifukwa chabe choti anthu ake amafika pokalamba. Ndiye akatswiri amati, tiyeni tiyerekeze kuti mayiko onse ali ndi ana, achinyamata ndi okalamba ofanana. Amawerengera gulu lililonse la zaka palokha, a zaka 40 mpaka 44, a 45 mpaka 49, choncho mpaka kumapeto, kenaka gulu lililonse amalipatsa kulemera kwake potsata muyezo umodzi wa dziko lonse. Muyezo umenewu anauyambitsa ndi katswiri wa ku Japan, Mitsuo Segi, mu 1960, ndipo Richard Doll wa ku Britain ndi anzake anaukonzanso mu 1966. Mukaona zilembo zoti ASR pamwamba pa manambala, ndiye kuti za zakazi azikonza kale, mukhoza kufananitsa mayiko.

Tsono ngakhale atakonza chonchi, Australia imakhalabe pamwamba. Mbali ina ndi zoona ndithu, kuli khansa ya pakhungu yochuluka chifukwa cha dzuwa lamphamvu pa anthu a khungu loyera. Koma mbali inanso ndi yoti kumeneko amayeza anthu ambiri, ndipo opezeka ndi khansa amalembedwa mosamala.

Izi n'zimene zimandikhudza mtima ine. Manambala onsewa amachokera mu kaundula wa khansa. Pamakhala munthu amene amayenda m'zipatala ndi m'malabotale, kutsegula mafayilo limodzilimodzi, kulemba zaka za wodwala, kumene amakhala, chiwalo chimene chagwidwa ndi tsiku limene anamupeza. Nthawi zina mayi mmodzi yemweyo amapezeka m'mabuku a zipatala ziwiri, dzina lalembedwa mosiyana pang'ono, ndiye wolembayo ayenera kufananitsa zaka ndi mudzi mpaka atatsimikiza kuti ndi munthu mmodzi, kuopa kumuwerenga kawiri. Koma agogo amene anadwalira kunyumba, kumeza kukuvuta, kuwonda mpaka kutisiya osayezedwa, dzina lawo silidzalowa m'buku lililonse. Denmark yakhala ikulemba dziko lonse kuyambira 1943, pomwe mayiko ambiri osauka kaundula wawo amangofika mzinda umodzi kapena iwiri. Chiwerengero chogawira chijanso chimachokera ku kalembera, amene kawirikawiri amachitika pakatha zaka khumi, ndiye zaka zapakatizo amachita kuyerekeza.

N'chifukwa chake bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndipo likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, likamatulutsa ziwerengero zake zotchedwa GLOBOCAN limanena poyera kuti ndi zoyerekeza. Kumene kulibe kaundula wokwanira amagwiritsa ntchito za mizinda yochepa ija kapena za mayiko oyandikana nawo. Za 2022 zinati odwala atsopano padziko lonse anali pafupifupi 20 miliyoni, ndipo omwalira pafupifupi 9.7 miliyoni.

Nambala ya omwalirayi muziifunsanso nthawi zonse, azakhali. Dziko likhoza kukhala ndi odwala atsopano ambiri koma ambiri n'kuchira chifukwa anawapeza msanga. Lina n'kuoneka ngati lili ndi ochepa, koma ofika kuchipatala amafika matenda atafalikira kale. Ndiponso musamangoona khansa zonse pamodzi. Mukatenga ya khomo la chiberekero yokha, mndandanda uja umatembenuka, mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa ndi amene amakhala pamwamba, Australia pansi. WHO inaika malire oti dziko lizinena kuti khansa imeneyi laigonjetsa odwala atsopano akatsika kufika pansi pa 4 mwa amayi 100,000 pachaka, kudzera mu katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansa imeneyi) kwa atsikana, kuyeza amayi ndi kuwathandiza msanga.

Ndiye chonde, zija munanena zoti mwina kuyezetsa kulibe changu poti manambala ndi otsika, ayi, pitani ndithu, ndipo muwatenge ndi amayi aang'ono. Munditumizirenso chithunzi cha pamene munawerengapo paja, ndione ngati palembedwa ASR komanso kuti ndi za chaka chiti.