Yankho: kusonkhanitsa zovala za m'nyengo yozizira

Mayi, mwafunsa momwe mabanja anu ophunzitsa ana kunyumba angatolere zovala zofunda zoti mukapereke ku Dedza. Yambani mu Epulo, chifukwa chisanu chimafika pachimake mu Juni ndi Julayi. Mukachedwa mudzafikitsa majuzi kunja kwayamba kale kutentha.

Musanatolere chilichonse, pezani mndandanda kwa a mfumu kapena kumpingo: ana angati, a zaka zingati, agogo angati. Popanda mndandandawu mumadzaza matumba ndi majekete a akuluakulu, ana a zaka 2 mpaka 6 n'kutsala opanda kanthu.

Chapani zonse ndipo ziume gwa. Juzi yonyowa pang'ono ikatsekeredwa m'pulasitiki imachita nkhungu, fungo lake n'kulowerera thumba lonse. Onani mazipi ndi mabatani. Chong'ambika sokani kapena chisiyeni, si dzala kumene mukupitako. Masokosi gulani atsopano.

Ana anu ndiwo asanje molingana ndi misinkhu, awerenge, alembe pathumba lililonse. Masamu a tsikulo akhala omwewo. Agogo muwaikire bulangete, poti kumazizira kwambiri mbandakucha. Ndipo musajambule olandira osawapempha kaye.