Funsani yunivesite musanalipire kosi ina

Mwa makalata a sabata ino muli ya mlongo wathu wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, amene akuphunzira pa Ivy Tech, imene ndi community college (koleji yotsika mtengo ya maphunziro a zaka ziwiri). Akufunsa ngati ma credit ake (mapointi amene munthu amapeza akakhoza kosi) adzawerengedwa akadzapita ku yunivesite kukachita digiri ya unamwino. Achemwali, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo.

Ine ndinayambira pa community college uku ndikugwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Ndikaweruka mbandakucha, ndinkangosamba n'kukakhala m'kalasi maso ali psuu. Kosi iliyonse ndinkalipira ndi thukuta langa, kwinaku kumudzi akudikira ya feteleza ndi fizi ya ang'ono anga. Nditasamukira ku yunivesite anandiuza kuti ma credit anga ambiri alandiridwa, ndipo ndinakondwa mpaka kuimbira mayi foni. Kenaka mlangizi ananditambasulira ndondomeko ya digiri yanga. Makosi angapo anali atawaponya m'gulu la elective, kutanthauza makosi ongosankha wekha. Papepala analipo ndithu, koma pa zimene dipatimenti inkafuna sanachotsepo kanthu. Statistics ndinaibwereza, zinthu zomwezomwezo, ndalama ina, semesita ina.

Chimenechi si chilungamo, ndipo sindidzasiya kunena. Mu 2017 ofesi ya boma la America yotchedwa GAO inapeza kuti ophunzira osamuka sukulu amataya pafupifupi ma credit 43 pa 100 alionse. Ndiye amadzaza ma community college ndi ndani? Anthu a mashifiti, makolo olera ana, ndi ife obwera kuchokera kumayiko ena. Munthu amene anasankha sukulu yotsika mtengo chifukwa chosowa ndalama ndi amenenso akumulipiritsa kawiri.

Chinanso chimandiwawa ndi ife tomwe. M'magulu athu a WhatsApp mwana akati ali pa community college, ena amayankha mokhala ngati walephera. Chonsecho digiri ikatuluka imalembedwa dzina la yunivesite imene wamalizira, ndipo ngongole yake imakhala yochepa. Palinso abale amene anabwera ndi madipuloma a kumudzi n'kungowasunga m'sutikesi, osadziwa kuti mabungwe ngati WES (World Education Services) amaunika mapepala otere kuti aone akufanana ndi ati a kuno. Sikuti zonse zimalandiridwa, koma kuyesa n'kofunika.

Nanga inu muchite chiyani?

Digiri ya zaka zinayi nthawi zambiri imafuna ma credit 120, ndipo associate degree, ya zaka ziwiri ya pa community college, imakupatsani pafupifupi 60. Kosi imene mwapeza pansi pa C kawirikawiri siisamuka, chimodzimodzi makosi ongokonzekeretsa munthu pa masamu ndi Chingerezi asanayambe makosi enieni a koleji. Inu muli ndi mwayi chifukwa Indiana ili ndi Core Transfer Library, mndandanda wa makosi amene sukulu za boma zimalandirana, komanso TSAP, njira yosamukira ku yunivesite ya boma mukamaliza associate degree, imene unamwino ulimo. Komabe sankhani yunivesite yanu panopa, mulembere mlangizi wa dipatimenti ya unamwino komweko, ayankhe pa imelo kosi ndi kosi kuti ikulowa pati. Sungani syllabus iliyonse, pepala lofotokoza zimene kosi ikuphunzitsa. Ngati muli pa visa ya ophunzira ya F-1, uzani ofesi ya ophunzira akunja msanga kuti asamutse rekodi yanu ya SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira akunja), sukulu yatsopanoyo ikupatseni I-20 ina, fomu yotsimikiza kuti ndinu wophunzira wawo.