Za PewDiePie ndi mng'ono wanuyo

Achimwene, funso lanu lija ndaliwerenga kawiri, loti mng'ono wanu akufuna kusiya koleji azipanga mavidiyo a magemu pa YouTube chifukwa ati PewDiePie nayenso anasiya sukulu koma lero ndi mpondamatiki, ndiye mukufuna mudziwe kuti mkuluyu anatchuka bwanji kwenikweni. Ine ndinayamba kumuonera cha mu 2013 ndipo mpaka pano ndimamutsatabe, ndiye mundipirire zikhala zotalikirapo.

Dzina lake lenileni ndi Felix Kjellberg, anabadwira ku Gothenburg m'dziko la Sweden mu 1989. Tchanelo ya PewDiePie anaitsegula mu Epulo 2010 ali pa yunivesite ya Chalmers konko. Zosiya sukuluzo nzoona, anasiyadi mu 2011, koma apa mpomwe anyamata ambiri amaimvera m'mphepete nkhaniyi. Mwini wake anadzalongosola yekha kuti sanasiyire YouTube ayi, kosi yomwe ankapanga sinkamusangalatsa olo pang'ono basi, ndipo nthawi imeneyo tchanelo inali isanayambe kumudyetsa. Makolo ake anakana kumamupatsa ndalama atasiya, moti ankagulitsa ma hot dog kuti apeze yodyera, ndipo kompyuta yojambulira mavidiyo anagula ndi ndalama zomwe anapeza pogulitsa zithunzi zomwe ankakonza yekha pa Photoshop. Gawo limeneli mng'ono wanu sanakuuzeni ndikhulupirira.

Chomwe chinamutulutsa ndi magemu oopsa, makamaka Amnesia: The Dark Descent. Ndipo ndinene pano, Felix sanali katswiri wa magemu, analipo anthu ambirimbiri omenya bwino kuposa iye. Anthu sankabwera kudzaphunzira kusewera. Ankabwera kudzaona mnyamata ali pakona pa sikirini, mahedifoni kumutu, akukuwa, kutukwana mu chiSwedish, kudumpha pampando chilombo chikatulukira mumdima, kenako nkuyamba kuseka yekha. Amatha kutola kachiboliboli kagolide mu gemu nkukapatsa dzina loti Stephano nkumacheza nako ngati mnzake wapaulendo, mpando nawo unali ndi dzina, migolo yomwe ili m'njira ankaitenga ngati adani ake eti. Zinthu zooneka zachibwana, koma ukaonera vidiyo imodzi mawa umafuna udziwe kuti Stephano uja wamupezanso kapena ayi. Ine ndimakumbuka ndinkaonera usiku ndili ndekha ndipo zinkamveka ngati ndakhala ndi mnzanga pampando umodzi iye wagwira kontirola, chimenechi nchomwe ankagulitsa, ubwenzi, osati gemu. Omutsatira ankawatcha ma bro, pomaliza vidiyo ankalozetsa chibakera ku kamera ngati mukugundana, brofist ija, ndipo Lachisanu ankakhala pansi nkumayankha zomwe anthu alemba m'makomenti. Komanso ngakhale ndi wa ku Sweden anasankha kulankhula Chingerezi, ndiye msika wake unali dziko lonse, ndipo kukuwa kwa mantha ngakhale mwana wosamva Chingerezi amamva.

Tsono pali china chomwe sichinali mphamvu zake, nthawi yomwe anabwerera. Mu 2012 YouTube inasintha kasankhidwe ka mavidiyo oti izionetsa anthu, inasiya kuwerengera kwambiri kuti angati adina vidiyo nkuyamba kuyang'ana kuti akhalapo mphindi zingati akuonera. Ndiye taganizani, munthu wojambula makatuni amatha milungu kuti atulutse kavidiyo ka mphindi zitatu, pomwe womenya gemu amakhala pansi madzulo amodzi nkutulutsa mphindi 15, mawa gawo lachiwiri, mkuja lachitatu, anthu nkumangotsatira ngati sewero la pa TV. Makina a YouTube ankafuna zimenezo ndendende ndipo Felix anali kale pamzere ndi mulu wa mavidiyo otero. Mu Julayi 2012 anafika ma subscriber (anthu olembetsa kutsatira tchanelo) 1 miliyoni, kumapeto kwa chaka chomwecho anasaina ndi Maker Studios, kampani yomwe inkayendetsa za malonda za matchanelo a YouTube, pofika Ogasiti 2013 anali atadutsa Smosh, tchanelo ya nthabwala ya ku America, nkukhala nambala wani pa YouTube yonse. Chaka chimodzi chokha pakati apo. Mwayi unalipo inde, koma unamupeza akugwira ntchito, ankaposita pafupifupi tsiku lililonse ndipo zaka zoyambirirazo ankajambula yekha, kuedita yekha, kukonza kachithunzi kapamwamba yekha. Ngakhale kusamukira ku Brighton ku England mu 2013 ndi chibwenzi chake Marzia, atakhalako ku Italy, chimodzi mwa zifukwa chinali intaneti yodalirika yoti aziaploda bwino.

Ndalama zinabwera zoopsa. Mu 2014 kampani yake inapeza madola opitirira 7 miliyoni, mu 2016 magazini ya Forbes inati wapeza madola pafupifupi 15 miliyoni, chaka chomwecho magazini ya Time inamuika pa anthu 100 amphamvu padziko, Disembala wake nkufika ma subscriber 50 miliyoni. Sizinali za malonda a pa mavidiyo okha, anatulutsa buku, magemu ake a pafoni ngati Tuber Simulator, ndi zovala. Timakampani ting'onoting'ono ta magemu tinkapemphera kuti asewere gemu yawo chifukwa akangoionetsa malonda ankakwera.

Koma nkhani yomwe ine imandipweteka ndi ya 2017, ndipo sindimuikira kumbuyo ngakhale ndimamukonda. Nthabwala zake zinayamba kupyola malire, mpaka analipira anthu pa intaneti kuti anyamule chikwangwani cha mawu onyoza Ayuda ati pofuna kuonetsa kuti anthu angachite chilichonse chifukwa cha ndalama. Mu Febuluwale nyuzipepala ya Wall Street Journal inaitulutsa nkhaniyi, Disney yomwe inali itagula Maker Studios inathetsa naye mgwirizano, YouTube inaimitsa pulogalamu yake ya Scare PewDiePie nkumuchotsanso pagulu la matchanelo olandira malonda a ndalama zambiri. Mu Seputembala chaka chomwecho akumenya gemu ya PUBG pa live anatulutsa liwu lija lonyoza anthu akuda. Anapepesa, koma ine zinanditengera nthawi kuti ndibwererenso pa tchanelo yake. Ukamalankhula pa kamera maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku, anthu mamiliyoni akukuombera m'manja, palibe wokugwira dzanja kuti apa usatero, pakamwa pamathamanga kuposa mutu, ndipo zomwe wanena sizifufutika.

Anapulumuka chifukwa anthu ake anali ake enieni, komanso anasintha zopanga, anachepetsa magemu nkuyamba kuseka ma meme ndi zomwe omutsatira ankamutumizira. Kenako kunabwera mpikisano wolimbirana kuchuluka kwa ma subscriber ndi T-Series, kampani ya nyimbo ya ku India, kuyambira 2018, munthu mmodzi kulimbana ndi kampani yathunthu, anthu mpaka kugula zikwangwani za m'misewu zomuchemerera, MrBeast, wopanga mavidiyo a YouTube wa ku America, anali mmodzi mwa iwo. Zinathera pachisoni pomwe chigawenga chomwe chinapha anthu m'mizikiti ku Christchurch m'dziko la New Zealand mu Malichi 2019 chinatchula mawu a kampeni yomuchemererayo oti "Subscribe to PewDiePie", Felix anadandaula kwambiri ndipo patapita milungu ingapo anapempha anthu kuti aisiye. T-Series ndiyo inayamba kufika pa ma subscriber 100 miliyoni mu Meyi, iye anafika mu Ogasiti 2019, patangopita masiku ochepa atakwatira Marzia, munthu woyamba payekha kufika pamenepo, ndipo chomwe chinamukankha miyezi imeneyo ndi kubwerera ku Minecraft, gemu yomwe anayamba nayo kalekale. Kumayambiriro kwa 2020 anapumako kaye ati watopa, mu 2022 anasamukira ku Japan, MrBeast nkumudutsa mu Novembala chaka chomwecho, ndipo iye sanalimbane nazo. Pano amaposita akafuna.

Ndiye za mng'ono wanuyo achimwene, chonde musamuseke kapena kumuletsa, ntchito imeneyi ndi yeniyeni ndipo kuedita kokhako ndi luso loti angadyere. Koma mumuuze kuti chitseko chomwe Felix analowera mu 2012 pano pali chinamtindi cha anthu, aliyense ali ndi kamera ndi gemu yomweyomweyo. Kuti YouTube iyambe kumugawira ndalama za malonda pa mavidiyo ataliatali pamafunika ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo akalowa amalandira 55 peresenti, inayo ndi ya YouTube. Felix anayamba akadali pasukulu, nayenso atha kuyamba ali pakoleji pompo, madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Mugwirizane naye kuti atulutse mavidiyo awiri pa sabata kwa chaka chathunthu osadumphitsa, kenako mudzakhale pansi limodzi mutsegule YouTube Studio, tsamba loonetsa momwe tchanelo ikuyendera, muone kuti anthu akumaonera mpaka mphindi yachingati asanathawe. Ngati ali nayo kale tchanelo tiponyereni linki pansipa, ine ndionera vidiyo yake yoyamba mpaka kumapeto ndimuuze pomwe ndinayamba kutopa.