Mafunso a Owerenga: Penti Woyenera pa Zidole Zooneka Ngati Makanda Enieni

Akonzi, ndagula mutu, mikono ndi miyendo ya chidole cha vinyl (pulasitiki yofewa) zomwe sizinapakidwe kalikonse, ndipo ndikufuna kuti ndikamaliza chioneke ngati khanda lenileni. Ena akuti ndigule penti wowamba mu uvuni, pamene ena akuti wouma yekha ndi wabwino. Kodi ndiyambe ndi uti? — Mayi E.M.

Mayi, luso limeneli linayamba kufala ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo zidole zake zimadziwika ndi dzina lakuti reborn. Kwa zaka zambiri amisiri ankadalira penti wa Genesis, wopangidwa ndi kampani ya AMACO, amene sauma ngakhale atakhala pa mbale yosakanizira penti masabata angapo mpaka mutamuwamba pa kutentha kwa madigiri 130 a Celsius kwa mphindi pafupifupi 8. Kampaniyo inasiya kumupanga, koma makampani ena akupanga penti wogwira ntchito mofananamo. Ubwino wake kwa munthu wongoyamba kumene ndi woonekeratu: mtsempha umene mukujambula ukapindika molakwika kapena tsaya likafiira mopitirira, mumangopukuta n'kuyambiranso, popeza palibe chimene chakhazikika musanalowetse chiwalocho mu uvuni.

Vuto lake lili pa uvuniyo. Vinyl ikatentha imatulutsa mpweya wosayenera kuupuma, choncho pamafunika uvuni yakeyake imene simudzaphikiramo chakudya, yoikidwa pamalo opita mphepo. Pamafunikanso kachipangizo koyezera kutentha koika m'kati, chifukwa manambala olembedwa pa uvuni nthawi zambiri sagwirizana ndi kutentha kwenikweni. Kutentha kukachepa penti sagwira, ndipo kukachuluka tizala ndi timakutu timasungunuka kapena khungu limayamba kunyezimira. Muziyala nsalu yokhuthala pansi pa ziwalozo, ndipo muzidikira kuti zizizire musanazigwire, pakuti vinyl yotentha imafewa ndipo imapindika mosavuta.

Penti wouma yekha ndi wa mtundu wa acrylic, monga wodziwika ndi mayina a Golden, Liquitex kapena Jo Sonja's, ndipo amasungunulidwa ndi madzi. Iyeyu safuna uvuni, koma amauma m'mphindi zochepa, motero dzanja liyenera kufulumira, ndiponso sagwira bwino pa vinyl pokhapokha mutayamba mwapaka mankhwala omatira apansi kapena kumusakaniza ndi mankhwala omuthandiza kumata. Ngakhale aoneke wouma, amatenga masiku ambiri kuti alimbe kwenikweni. Maganizo anga ndi akuti ngati mulibe malo abwino oikapo uvuni yapadera, yambani ndi acrylic mopanda manyazi, chifukwa zidole zokongola kwambiri zikupangidwa ndi penti ameneyu. Chimene ndikukuletsani ndi kusakaniza mitundu iwiriyi pa mbale imodzi, komanso kugwiritsa ntchito penti wamafuta wojambulira zithunzi kapena wopaka zikhadabo, chifukwa pa vinyl amatha kukhala wonata mpaka kalekale. Musanapake chilichonse, tsukani ziwalozo ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a ku fakitale achoke, ndipo ziume bwinobwino.

Akonzi, chidole changa choyamba chatuluka ndi khungu la mtundu umodzi paliponse, lotuwa ngati lathiridwa choko, ndipo palibe amene angachiyese mwana. Ndinalakwitsa pati, makamaka popeza ndinkafuna khanda la khungu lakuda? — Bambo T.K.

Bambo, ndikukhulupirira kuti munafuna kupeza mtundu wa khungu pa ulendo umodzi kapena iwiri, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amaphonya. Khungu la khanda ndi lopyapyala moti magazi, mitsempha ndi mafuta a pansi pake zimaonekera, ndipo diso la munthu limazindikira moyo poona mitundu yosanjikizana imeneyi, ngakhale mwini disoyo sadziwa kuti n'zimene akuona. Penti wokhuthala amakwirira zonsezi. Choncho penti ayenera kusungunulidwa mpaka akhale wamadzimadzi, woti mukapaka ulendo umodzi muzikayikira ngati mwapakadi, ndipo amisiri ambiri amapaka maulendo oposa 10, ena kupitirira 20, akuwamba kapena kuumitsa ulendo uliwonse asanapitirize.

Ntchito imayamba ndi kuyang'ana mtundu wa vinyl imene mwagula. Ikakhala yofiirira mopitirira, mumaiziziritsa ndi penti wobiriwira wosungunuka kwambiri. Ikakhala ya olenji mumapaka wabuluu, ndipo ikakhala yachikasu mumapaka wapepo, popeza mitundu imeneyi imafafanizana. Kenako mumajambula mitsempha ndi kaburashi kosongoka pa litsipa, pa zikope, pa mfundo za manja ndi pamwamba pa mapazi, n'kuisindikiza pang'ono ndi siponji kuti ioneke ngati ili pansi pa khungu. Pambuyo pake pamabwera mawanga ofiirira ndi apepo amene amaoneka pa makanda obadwa kumene, ndipo amenewa amadindidwa ndi siponji imene mwaibudula timaenje ting'onoting'ono. Mitundu ya khungu imabwera pamwamba pa zonsezi, ndipo makwinya a m'khosi, a m'manja ndi a kumapazi amadetsedwa pang'ono ndi kaburashi kouma.

Kutuwa kumene mwadandaula nako kawirikawiri kumabwera chifukwa cha penti woyera wochuluka, kapena chifukwa chosiya penti atadikha m'makwinya, kapenanso chifukwa chowamba mankhwala osungunulira asanauluke onse. Pa khungu lakuda vutoli limaonekera msanga, ndiye pewani penti wa khungu wosakaniza kale amene ali ndi zoyera zambiri, ndipo pewaninso penti wakuda bii, amene amachititsa khungu kuoneka lakufa. Mangani mtunduwo pang'onopang'ono ndi mitundu ya dothi yotchedwa burnt umber ndi burnt sienna, mukulowetsamo kufiira, chikasu ndi kabuluu pang'ono m'maulendo osiyanasiyana kuti khungu likhale lofunda.

Pano ndikufuna kutsindika chinthu chimene chimandikhudza, pakuti zidole zambiri za khungu lakuda zimaonongeka chifukwa mmisiri sanayang'anitsitse makanda enieni. Mwana wa makolo akuda amabadwa woyererapo, ndipo khungu lake limadera m'miyezi yotsatira. Malo amene nthawi zambiri amaoneka oderapo kuyambira pachiyambi ndi nsonga za makutu ndi khungu lozungulira zikhadabo. Zikhatho ndi mapazi a kunsi zimakhala zoyererapo ndi zofiirira, ndipo malire ake sakhala mzere wowongoka koma amasungunukira m'mbali mwa zala. Makanda ambiri amabadwanso ndi banga lotuwira mwabuluu kumunsi kwa msana kapena pa matako. Mmisiri amene waona zimenezi ndi maso ake, pa kuwala kwa masana, amapanga chidole chimene mayi angachinyamule mosamala asanazindikire kuti si mwana.

Akonzi, kodi penti amene ndimapaka pa vinyl angagwirenso pa chidole cha silikoni? — Mayi R.P.

Ayi, Mayi, sangagwire, ndipo adzayamba kusupuka chidolecho chikangopindidwa. Pa silikoni, amene ndi wofewa ngati labala, pamamata silikoni yekha, choncho penti wake ndi silikoni wamadzi wa zigawo ziwiri wosakanizidwa ndi utoto wake wapadera, monga Psycho Paint ndi Silc Pig za kampani ya Smooth-On. Silikoni wa zidolezi, amene amalimbitsidwa ndi platinamu, amakana kuuma akakhudzana ndi sulufule kapena labala wachilengedwe, motero musavale magolovesi a latex ndipo musagwiritse ntchito maburashi amene anakhudzapo penti wina. Pomaliza pamafunika ufa wapadera wochotsa kunyezimira, umene umawazidwa pa silikoni womaliza asanaume.

Akonzi, ndinagulitsa chidole chokongola, koma patangopita miyezi ingapo wogulayo akuti masaya afwifwa, mphuno ikunyezimira, ndipo pa mwendo pali banga labuluu. Ndingapewe bwanji zimenezi? — Mayi L.C.

Mayi, pali zinthu zitatu zosiyana pamenepa. Kufwifwa kwa masaya kumasonyeza kuti mwina utoto wofiira umene munasankha supirira kuwala, monga mmene alizarin crimson weniweni amachitira akapakidwa mopyapyala, kapena penti sanawambike mokwanira. Pogula muziyang'ana chizindikiro cha ASTM I pa chubu, chimene chimasonyeza utoto wosafwifwa msanga, ndipo mukawamba muzipukuta malo obisika ndi thonje lonyowa. Likatenga mtundu, bwezerani chiwalocho mu uvuni. Muzipewanso utoto wokhala ndi cadmium, chitsulo chapoizoni, popeza zidolezi zimagwiridwa ndi kupsompsonedwa kawirikawiri.

Kunyezimira kwa mphuno kumabwera ndi mafuta a m'manja mwa anthu ndi kukhuzika ndi zovala, ndipo chotchinga chake ndi vanishi wosawala, wa mtundu wogwirizana ndi penti wanu, wodindidwa mopyapyala ndi siponji musanasokerere tsitsi ndi kuika maso. Vanishi wowala amapakidwa pa milomo, pa zikhadabo ndi m'ngodya za maso mokha. Banga labuluulo ndikuganiza kuti si la penti wanu: vinyl imayamwa utoto wa nsalu zakuda kapena zabuluu ndi inki ya zolembera, ndipo utotowo ukalowa m'kati umavuta kwambiri kuchotsa popanda kuononga ntchito ya pamwamba. Wogula aliyense muzimupatsa kapepala komuuza kuti azichapa kaye zovala za mitundu yodera asanaveke chidole, asachigoneke padzuwa kapena m'galimoto yotentha, asachipukute ndi sipiriti kapena timapepala tonyowa topukutira ana, ndipo fumbi azilichotsa ndi burashi yofewa kapena kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha.