Akundiuza kuti ndisaine kalata yosiya ntchito ndekha, kodi ndisaine?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Limbe, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lake. Nkhani yake ili motere. Wagwira ntchito zaka 7 pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo amalandira K260,000 pamwezi. Mwezi watha powerenga katundu anapeza kuti matumba 40 a simenti akusowa. Kutacha, mlonda anamuimitsa pageti n'kumuuza kuti abwana alamula kuti asalowenso. Sanapatsidwe kalata ina iliyonse, ndipo palibe amene anamufunsa za simentiyo. Patatha milungu iwiri, abwana aja anamuimbira foni kuti apite akasaine kalata yonena kuti wasiya yekha ntchito, ndipo akatero amupatsa malipiro a mwezi umenewo. Akakana, nkhani ipita kupolisi. Iye wamaliza imelo yake ndi mawu awa: "Lendi yakwana, ana akufuna fizi. Kodi ndingosaina kuti zithe?"

Achimwene, musasaine. Ndikudziwa kuti n'kosavuta kwa ine kunena choncho pomwe mwini nyumba sakugogoda pakhomo panga, koma tamvani chifukwa chake, chifukwa kalata imeneyo ndiyo mutu wa nkhani yonse.

Lamulo loona za ntchito m'dziko muno ndi Employment Act la chaka cha 2000. Gawo 57 la lamuloli limafuna zinthu ziwiri bwana asanachotse munthu ntchito. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchitoyo, kulephera kwake ntchito, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani monga kuchepetsa antchito. Chachiwiri, ngati nkhani yake ndi ya khalidwe kapena kulephera ntchito, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata woyankha zomwe akumunenera. Ziwirizi zimayendera limodzi. Bwana atha kukhala ndi chifukwa chenicheni, koma ngati sanakumveni mbali yanu, waphwanya lamulo. Mlonda kukubwezani pageti sikukumvani. Ngakhale makolo athu kubwalo la mfumu sankagamula mlandu atangomva mbali imodzi, ndipo malamulo aakulu a dziko, pa gawo 31, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito.

Tsopano taonani pomwe pagona nkhani. Malinga ndi gawo 61, munthu akakadandaula kuti wachotsedwa ntchito, udindo wofotokoza chifukwa chake umakhala pa bwana. Akalephera kufotokoza, lamulo limangotenga kuti munthuyo wachotsedwa mopanda chilungamo. Bwanayo ayeneranso kuonetsa kuti anachita zinthu mwachilungamo poganizira zonse zozungulira nkhaniyo. Ndiye kuti mmene zinthu zilili lero, katundu wolemera ali pamutu pa abwana anu. Iwo ndiwo ayenera kuonetsa kuti simentiyo inasowa m'manja mwanu, kuti anakuitanani, anakuuzani mlandu wanu, ndipo munayankha. Mukangosaina kalata yosiya nokha, katunduyo mwawatula n'kumusenza inu. Lamulo limavomereza ndithu, pa gawo 60, kuti munthu amene wasiya ntchito chifukwa bwana wamuchitira zosapiririka akhoza kuonedwa ngati wachotsedwa, koma pamenepo amene amafunika kupereka chifukwa ndi wantchito. Inuyo mudzafunika kutsimikizira khoti kuti munakakamizidwa, pomwe siginecha yanu ili pa pepala lonena kuti mwachoka mwakufuna kwanu. Abwana anu akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake akufuna kalatayo.

Nkhaniyi ndimaimva kuwawa chifukwa mlongo wanga anasaina kalata ya mtundu womwewu pa kampani ina zaka zingapo zapitazo. Anamuuza kuti akumuchitira chifundo kuti mbiri yake isaipe. Anatuluka ndi malipiro a mwezi umodzi atagwira ntchito zaka zambiri, ndipo titapita kukafunsa za madandaulo ake, funso loyamba linali loti, "Nanga kalata iyi analemba ndani?" Tinabwerera manja ali m'khosi.

Chinthu china chimene chikundidetsa nkhawa ndi milungu imene mwakhala kunyumba. Gawo 59 limalola bwana kuchotsa munthu popanda notisi pa zifukwa zingapo: kulakwa kwakukulu, kunyalanyaza ntchito kawirikawiri kapena kwakukulu, kusowa luso limene munthu ananena kuti ali nalo, kukana dala malamulo oyenera a bwana, komanso kujomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka. Onani chomalizachi. Pakali pano mulibe pepala lililonse loonetsa kuti anakubwezani. Mawa abwana atha kunena kuti simenti itasowa inu munathawa nokha, ndipo mlonda amene anakuimitsani uja akadali pantchito, sadzafuna kutaya nsima yake chifukwa cha inu. Choncho lero lomwe lembani kalata yachidule, yaulemu. Nenani tsiku ndi nthawi imene munabwezedwa, amene anakubwezani, ndi mawu amene ananena. Nenani kuti inu simunasiye ntchito, ndinu wokonzeka kubwerera, ndipo mukupempha kuti akuuzeni polemba ngati mwaimitsidwa kapena mwachotsedwa komanso chifukwa chake. Kasiyeni kalatayo, wolandira asaine pa kope yanu. Akakana kusaina, ijambuleni n'kuitumiza kwa abwana pa WhatsApp kuti tsiku lioneke. Akakuimbiraninso za kalata yosiya ija, apempheni kuti akulembereni uthenga.

Za polisi zisakugwedezeni mtima kwambiri. Abwana ali ndi ufulu wokadandaula kupolisi ngati katundu wawo wasowa, ndipo apolisi akakuitanani pitani mukanene zomwe mukudziwa. Koma mlandu wa kupolisi ndi nkhani ya ntchito ndi njira ziwiri zosiyana. Kukanena kupolisi sikuchotsa udindo wa bwana wokumvani asanakuchotseni. Ndipo munthu amene ali ndi umboni weniweni woti mwamubera matumba 40 sayamba ndi kukulonjezani malipiro kuti musaine.

Ndisakunamizeninso. Ngati abwana angakuitaneni bwinobwino, n'kukuuzani mlandu wanu nthawi isanafike, n'kubweretsa mabuku oonetsa kuti makiyi a nyumba yosungira katundu anali ndi inu nokha ndipo simentiyo inatuluka inu mutasainira, akhoza kukuchotsani ndipo khoti lingagwirizane nawo. Pa nkhani za ntchito safuna umboni wolimba ngati wa mlandu wakuba. Chimene amaona n'chakuti bwana anafufuza moyenera ndipo anali ndi zifukwa zokwanira zokhulupirira kuti munalakwa. Ndiye akakuitanani ku hearing, womwe ndi msonkhano womva mlandu wanu pantchito, musakane. Pemphani kuti mlanduwo aulembe, akupatseni masiku okonzekera, muone mabuku a katundu, ndipo mufunse amene akukunenerani. Pemphaninso kupita ndi mnzanu wa pantchito kapena wa bungwe la ogwira ntchito ngati muli membala. Kumbukirani amene anali ndi makiyi ena, amene amalandira katundu galimoto ikabwera, komanso tsiku lomaliza limene katundu anawerengedwa n'kupezeka wokwana.

Tibwere ku ndalama, chifukwa ndi zimene zikukukankhirani ku kalatayo. Malipiro a masiku amene munagwira kale ntchito ndi anu, kaya mwasaina kaya simunasaine, kaya munalakwa kaya simunalakwe. Gawo 53 limati ndalama zimene wantchito ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Chimodzimodzi masiku a tchuthi amene simunapite: lamulo limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa ogwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa ogwira masiku 5, ndipo otsala amalipiridwa pochoka. Ndiye chimene abwana akukulonjezanicho n'chanu kale. Akukugulitsani mbuzi yanu yomwe.

Zimene mungataye posaina ndi izi. Munthu wolandira pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama ya mwezi umodzi m'malo mwake, pokhapokha ngati wachotsedwa moyenera pansi pa gawo 59 lija. Kwa inu ndi K260,000. Kenako pali severance allowance, ndalama yoperekedwa ntchito ikatha potengera zaka zimene munthu wagwira. Kuyambira pomwe lamulo linasinthidwa mu 2010, ndalama imeneyi imaperekedwa kwa amene achotsedwa chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a kampani, komanso kwa amene achotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Kawerengedwe kake ndi malipiro a milungu 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, milungu 3 pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi milungu 4 kuyambira chaka cha 11. Malipiro anu a pa sabata ali pafupifupi K60,000. Zaka 5 zoyamba zikupatsani milungu 10, zaka 2 zotsatira milungu 6, pamodzi milungu 16, yomwe ndi K960,000.

Pamwamba pa apo pali chipukuta misozi cha gawo 63. Khoti likapeza kuti munachotsedwa mopanda chilungamo, lingalamule kuti mubwezeretsedwe pantchito yanu, mulembedwenso pa ntchito yofanana nayo, kapena mupatsidwe ndalama. Lamulo linaika mlingo wotsikitsitsa: sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, milungu 2 kwa wa zaka zopitirira 5 mpaka 10, milungu 3 kwa wopitirira 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu kwa wopitirira zaka 15. Inu muli m'gulu lachiwiri, ndiye milungu 14, yomwe ndi K840,000, ndipo khoti likhoza kupereka zoposa apo likaona mmene mwavutikira. Limaonanso ngati inuyo munathandizira kuti zinthu zifike pamenepo. Mukaphatikiza zitatuzi mukudutsa K2 miliyoni. Uku ndi kuwerengera kwanga potengera zomwe mwandilembera, ndipo woweruza ndi amene amagamula, koma mukuona kusiyana kwake ndi K260,000 imene akukuitanirani.

Musaiwale penshoni. Kuyambira 2011 penshoni ndi yokakamiza kwa olemba ntchito ambiri, bwana amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Ndalama imeneyo siluzika chifukwa chochotsedwa ntchito. Ngati pa payslip panu ankadula ya penshoni, pitani kwa amene amasunga thumbalo mukapemphe sitetimenti, muone ngati zonse zinkafikadi. Ambiri amazindikira pochoka kuti zinkadulidwa koma osatumizidwa.

Kukadandaula kumayambira ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu, kwa inu ndi ya Blantyre. Akuluakulu amati mlandu suola, koma uwu uli ndi nthawi yake: gawo 62 limati dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo lifike kwa District Labour Officer pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Ine ndikanawerengera kuyambira tsiku limene anakubwezani pageti, osati tsiku limene adzakupatseni kalata, kuti pasadzakhale mkangano. Ambiri amataya nthawi imeneyi chifukwa cha "bwerani Lachisanu" wa abwana, Lachisanu lililonse mpaka miyezi itatha. Mukhoza kumakambirana ndi abwana dandaulo lanu lili kale ku Leba, zimenezi sizitsutsana. A ku Leba amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kukugwirizanitsani. Zikakanika pakatha mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, bwalo loweruza nkhani za ntchito, lomwe lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya, ndipo ngati mukufuna thandizo la zamalamulo koma mulibe ndalama, kafunseni ku Legal Aid Bureau.

Khoti limachedwa, ndipo sindikubisirani. Nkhani zina zimatenga zaka, pomwe lendi sidikira. Choncho ngati ku Leba abwana angavomere kulipira ndalama yomveka, sikulakwa kulandira n'kupitiriza moyo. Chachikulu n'chakuti mugwirizane mukudziwa mtengo wa nkhani yanu, pamaso pa mkulu wa ku Leba, ndipo zilembedwe. Akakupatsani malipiro a mwezi uja pakali pano, landirani, koma werengani pepala limene akukusainitsani. Ngati likungonena kuti mwalandira ndalama zakutizakuti, palibe vuto. Ngati pali mawu oti mulibenso dandaulo lililonse ndi kampani, imani kaye, kafunseni. Akafuna kudula mtengo wa simenti pa ndalama zanu, apempheni kuti alembe momveka zomwe adula ndi chifukwa chake, ndipo pepalalo mukalionetse ku Leba.

Mwandiuzanso kuti mukuopa kuti popanda kalata yabwino simudzapeza ntchito kwina. Gawo 31 la lamulo la ntchito limati mukapempha, bwana akupatseni chikalata choonetsa dzina la kampani, nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. Chifukwa chochokera ntchito komanso ndemanga za kagwiridwe kanu ka ntchito zimalembedwamo pokhapokha inuyo mutapempha. Ndiye simukufunika kugula chikalata chimenecho ndi siginecha yanu.

Popita ku Leba tengani chiphaso chanu, kontrakiti ngati munapatsidwa, ma payslip kapena mauthenga a kubanki oonetsa malipiro, kope ya kalata imene mulembe lero, ndi mauthenga onse a pafoni. Ngati munalibe kontrakiti yolembedwa musabwerere m'mbuyo, zaka 7 za malipiro a mwezi ndi mwezi ndi umboni wokwanira kuti munali wantchito wawo. Lembaninso papepala zonse zimene zachitika motsatira masiku, kuyambira tsiku lowerenga katundu lija, mudakazikumbukira bwino. Pitani sabata ino, ndipo mukabwerako mundilembere mmene mwayendera.