Mlongo wa ku Kapata wafunsa za kulalikira popanda ndalama

Mlongo wina wa ku Kapata, komboni ya muno mu Chipata, wanditumizira imelo. Akuti mtima wake umafuna kuuza anthu osawadziwa za Yesu, koma alibe ndalama yosindikizira timapepala, alibe sipika, komanso ndi wamanyazi. Ayambire pati?

Mlongo wanga, nditangowerenga za sipikazo mtima unandiwawa, chifukwa ndinakumbuka zomwe timaona m'mabasi a ku Lusaka. Kusanache, anthu tulo tili m'maso, amayi ena akutonthoza khanda, amalowa bambo wa jekete, Baibulo lili m'khwapa. Amayamba bwino ndi pemphero la ulendo, tonse timayankha ameni. Kenaka mawu amasintha: "Ndani wakuuzani kuti muwoloka mlatho wa Luangwa muli moyo?" Akatha kutiopseza amayenda mpando ndi mpando, dzanja lili patsogolo. Ndinaona agogo ena akumasula mfundo ya pachitenje, manja akunjenjemera, n'kupereka kandalama kamene mwina kanali ka chakudya cha panjira. Kale ndinkati aliyense ali ndi maitanidwe ake. Lero ndikunena poyera kuti kumeneko si kulalikira. Munthu amene walipira tikiti sangatsike kukuthawani, ndiye kumuopseza ndi imfa kuti atulutse ndalama ndi kumubera m'dzina la Ambuye.

Komanso tiyeni tinene zoona. Muno mu Chipata ndani sanamvepo dzina la Yesu? Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo ndi kumene kunayambira Reformed Church in Zambia. A Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu mu Disembala 1991. Tsegulani wailesi mumva Radio Maria. Yendani Lamulungu m'mawa, mupeza mipingo ikuimba mpaka m'makalasi a sukulu. Makutu a anthu anakhuta kale. Chimene sachiona kawirikawiri ndi Mkhristu wobwera pafupi nawo osafuna kanthu kwa iwo.

Ine ndinamuona mmodzi. Amayi anga atagonekedwa m'chipatala, wowadikirira ndinali ine. Amene anadikirirapo wodwala akudziwa mmene zimakhalira: kugona pa katoni, ndalama kutha, achibale kulonjeza pafoni kuti abwera mawa. Masana kunkabwera amayi ena achikulire amene sindinkawadziwa, atanyamula fulasiki ya phala lothira nsinjiro ndi makapu apulasitiki m'kathumba. Ankayala chitenje pansi n'kukhala nafe. "Odwala agona bwanji, mwana wanga?" Za mpingo wanga sanafunse. Anafunsa kumudzi kwathu. Nditati ku Katete, anati, "Kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe?" Tinayamba kucheza za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwana wawo amene anamwalirira m'chipatala chomwecho. Titazolowerana ndi pamene anati, "Mungalole ndipemphere nanu?" Pempherolo linali lalifupi, la mawu otsika, koma anawatchula dzina amayi anga, dzina lomwe ndinawauza kamodzi kokha.

Pa benchi yomweyo pankakhala bambo wachisilamu amene mwana wake ankadwala. Nayenso ankalandira kapu ya phala, ndipo amayi aja sanamuumirize chilichonse. Tsiku lina bamboyo ananena yekha kuti, "Amayi, mwana wanganso mumupempherereko." Chipata ili ndi Asilamu ambiri, timagula m'masitolo mwawo, ana athu amaphunzira limodzi. Mkhristu woyamba ndi kunyoza chipembedzo cha mnzake asadabwe akamutsekera chitseko.

Ku Magwero komweko, anthu ambiri amakudziwa chifukwa cha sukulu za ana osaona ndi osamva. Akale aja ankadziwa kuti uthenga umafuna manja. Ngakhale Ambuye Yesu pachitsime cha ku Samariya, mu Yohane 4, anayamba ndi kupempha madzi akumwa kwa mayi wosamudziwa. Filipo, mu Machitidwe 8, anayamba ndi kufunsa munthu wa ku Aitiopiya ngati akumva zomwe akuwerenga. Onse awiri anayamba ndi kucheza. Ife tinatengera kuti zoti mlaliki ndi uja wofuula mpaka mawu kusasa? Ndipo timapepala timene mukudandaula kuti mulibe ndalama yake, pitani ku Saturday Market mukaone kumene timathera. Ena amakulungira kapenta, ena amakolezera mbaula.

Nanga mutani mawa?

Yambani ndi moni weniweni, woima n'kudikira yankho. Wanjinga amene wakunyamulani, mufunseni dzina, mumulipire osamufinya pa mtengo, ndipo mukakumananso mumutchule dzinalo. Maliro akagwa m'komboni, ngakhale a anthu osawadziwa, pitani mukatunge madzi, mukatsuke mbale, mukagone kusiwa ndi amayi anzanu. Anamfedwa saiwala amene anagona nawo pansi. Konzani nkhani yanu, zomwe Mulungu anakuchitirani inuyo, yaifupi yoti mutha kuinena mukudikira minibasi, ndipo muinene pokhapokha munthu akakupatsani mpata. Pemphani chilolezo musanapemphere. Vesi ya pa WhatsApp muzitumiza kwa amene wavomera yekha. Ndalama musalandire, ngakhale wina akukakamizeni kuti ndi yothokoza.

Za manyazi anu musadandaule, amayi a fulasiki aja nawonso sankalankhula kwambiri. Koma poti ndinu mtsikana, m'nyumba ya munthu wosamudziwa musalowe nokha. Tengani mnzanu wa ku kwaya kapena amayi a chigwirizano, ndipo muziyenda dzuwa lisanalowe.