Boti la thanga likagubuduka m'madzi ozizira, muchite chiyani?

Mmodzi wa inu wandilembera imelo yakuti: "Ndayamba kuphunzira kuyendetsa kaboti ka thanga ka anthu awiri, ndipo madzi a kuno amazizira kufika madigiri 10. Kusambira ndimatha. Kodi boti likagubuduka ndisambire kupita kumtunda, kapena ndilimbane nalo?"

Musalisiye botilo, ngakhale mtunda ukuoneka pafupi. Koma musanaganize n'komwe za boti, pali mphindi yoyamba imene imapha ngakhale akatswiri osambira.

Madzi osakwana madigiri 15 akakhudza khungu mwadzidzidzi, thupi limakoka mpweya lokha, inu osafuna, kenaka mumayamba kupuma mwawefuwefu, mtima ukuthamanga. Mutu ukakhala pansi pa madzi pa nthawi imeneyo, mumakokera madzi m'mapapo. Zimenezi zimatha zokha pakadutsa mphindi imodzi mpaka zitatu. Choncho gwirani chingwe kapena m'mphepete mwa boti, nkhope muitembenuzire kumbali kwa mafunde, mudikire kupuma kukhazikike. Osathamangira china chilichonse.

Katswiri wina wa ku Canada, Gordon Giesbrecht, anazifupikitsa ndi manambala 1-10-1: mphindi imodzi yokhazika kupuma, mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zikugwirabe ntchito, ndi ola pafupifupi limodzi munthu asanakomoke ndi kuzizira. Nambala yapakatiyo ndiyo ndikufuna muisunge. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya, ndipo zoyamba kufooka ndi zala. Pakatha mphindi 10 simungamasule mfundo, simungatsegule zipi, manja amangoterereka pa thabwa. Osambira kupita kumtunda amamira pamenepa, thupi lonse lisanazizire n'komwe.

Kupuma kukakhazikika, itanani mnzanu, mumve akuyankha. Ngati sakuoneka, angakhale wakodwa m'zingwe kapena pansi pa thanga, n'chifukwa chake aliyense azikhala ndi mpeni pamalo oti dzanja limodzi lifikepo. Mukapezeka pansi pa thanga, kwezani dzanja mulikankhe m'mwamba kuti papezeke mpata wa mpweya, ndipo tsatirani msoko wake mpaka mutulukire kumphepete.

Tsopano kudzutsa boti. Masulani zingwe zonse za matanga, chifukwa thanga lomangika limatunga madzi, boti n'kulemera, ndipo likadzuka limathawa n'kukusiyani. Woyendetsa agwire nsonga ya chingwe cha thanga lalikulu n'kuzungulira chakumbuyo kwa boti, aone ngati chiwongolero chidakalipo, afike pa centreboard, thabwa lija lotulukira kunsi kwa boti. Mnzake atsalire mkati, akankhe thabwalo lituluke lonse, amuponyere pamwamba pa boti chingwe cha thanga lakutsogolo, kenaka agone choyandama m'mimba mwa boti. Asapachikike pa mbali ya m'mwamba! Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: kulemera kwawo kumamiza mlongoti, boti n'kuvundikirika.

Woyendetsa akwere pa thabwalo, mapazi pafupi ndi thupi la boti osati kunsonga, kuopa kulithyola, ndipo atsamire kumbuyo manja ataongoka, akukoka chingwecho. Poyamba boti limakhala ngati silikumva, popeza madzi akutsika pa thanga pang'onopang'ono. Mlongoti ukangotuluka m'madzi, limadzuka msanga n'kunyamula uja anagona mkati. Iyeyo ndiye amakhazika boti ndi kukokera mnzake mkati. Yang'aniraninso mphepo. Mlongoti ukaloza kumene mphepo ikuchokera, mphepoyo imalowa pansi pa thanga n'kugwetsera boti mbali ina, pamwamba pa amene anali pa thabwa. Ndi bwino kuyamba mwalozetsa mphuno ya boti kumphepo.

Mukayesa kawiri kapena katatu osaphula kanthu, lekani mphamvu zisanathe. Kwerani pamwamba pa botilo, thupi lituluke m'madzi mmene mungathere. Mphepo ikuombani ndipo mumva ngati kwazizira kuposa m'madzi, koma kutentha kukuchoka pang'onopang'ono. Opulumutsa amaonanso boti patali, pamene mutu wa munthu umabisika m'mafunde. Imbani wezulo, ndipo ngati muli ndi wailesi yolankhulirana ya VHF itanani pa tchanelo 16, yoitanira chithandizo. Boti likakuthawani, popeza logona cham'mbali limatengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa wosambira, pindani mawondo pachifuwa, manja mupanikize m'khwapa. Mukakhala awiri, kumbatiranani.

Zonsezi zimatheka ngati munavala bwino musananyamuke. Jekete yoyandamitsa ya 50N (nambalayi ndi muyeso wa mphamvu yake yoyandamitsa), imene oyendetsa timaboti amakonda, imakuthandizani kuyandama koma sitembenuza nkhope ya munthu wokomoka. Imangeni molimba kuti isakwere kumakutu. Pa madigiri 10 valani drysuit (chovala chosalowa madzi) yokhala ndi zofunda mkati, kapena wetsuit (chovala chothina chonga labala) yokhuthala mamilimita 5, chipewa ndi magolovesi. Nsalu ya thonje ikanyowa simasunga kutentha.

Munthu wokhalitsa m'madzi mumutulutse chogona ngati n'kotheka, chifukwa akaimikidwa mwadzidzidzi magazi amatsikira kumiyendo ndipo angathe kukomoka. Muvuleni zonyowa pamalo opanda mphepo, mumufunditse thupi ndi mutu, osamutikita manja kapena miyendo, osamupatsa mowa. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, amwe chakumwa chofunda cha shuga. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, akulankhula mosokonezeka, kapena akutsokomola atakokera madzi, itanani ambulansi nthawi yomweyo.